Zolemba za ntchito yopenta polowera m'nyumba mwathu, pansi pa nyale yatsopano

Loweruka, sabata yoyamba ya Ogasiti

Ndayamba kulemba zimenezi lero chifukwa ntchito imene ndinkaiyesa ya masiku awiri yaonetsa kale kuti itenga nthawi, ndipo ndikufuna kuti chilichonse chimene tayesa, chimene chakanika ndi chimene chatheka, chikhale cholembedwa. Nyumba yathu ili ku Lilongwe, ndipo malo amene tikukonza ndi kachipinda kolowera, pamene mlendo amaima akangodutsa chitseko chachikulu asanafike pabalaza. M'lifupi mwake ndi mamita 2.4, m'litali ndi mamita 3.6, ndipo siling'i ili mamita 3.3 kuchokera pansi, kotero kuti ndi malo aang'ono koma aatali m'mwamba. Chitseko chachikulu ndi cha mlombwa, chofiirira monga mtengowo umakhalira ukapakidwa vanishi, chili ndi galasi pamwamba ndi m'mbali imodzi, ndipo chimayang'ana kummwera. Pansi pali matailosi otuwa mopepuka, pamene panja, pakhonde ndi panjira yochokera kugeti, tinayala njerwa zootcha zofiira.

Nyale imene yabweretsa ntchito yonseyi tinaigula mwezi watha. Ogulitsa amaitcha chandelier, koma si ya timagalasi tong'anima tambirimbiri ngati imene imaoneka m'mahotela. Ili ndi mikono 6 ya chitsulo chakuda, mkono uliwonse uli ndi mkuwa wachikasu kunsonga, ndipo pamkuwapo pakhala mpira wa galasi loyera ngati mkaka. Kuchokera mbali ina kufika mbali ina ndi masentimita 60. Mmisiri wa zamagetsi waimangirira dzulo, ndipo tagwirizana kuti mpira wotsikitsitsa ukhale mamita 2.3 kuchokera pansi, kuti munthu wamtali kapena wosenza katundu pamutu adutse osaigunda, komanso kuti chitseko chikamatseguka chisaikhudze.

Itayatsidwa madzulo, tonse tinakhala chete kwa kanthawi. Nyale imene inali yokongola m'sitolo inaoneka yachilendo m'nyumba mwathu. Makoma ali ndi penti wakale wa kirimu wonyezimira, ndipo mpira uliwonse unadzijambula pakhoma ngati banga lowala, mkuwa unazimirira m'chikasu cha khomalo, ndipo mabampu onse a pulasitala amene sitinkawaona anatulukira poyera. Apa ndi pamene ndinavomereza kuti khoma liyenera kusintha, ndipo kuti mtundu wake usankhidwe moyang'ana nyaleyo, osati mongotsata zimene zili m'fasho.

Lachitatu lotsatira

Mmisiri wopenta wabwera kudzaona ntchito. Ndi bambo wachikulire amene anapenta nyumba ya achemwali anga, ndipo asanafunse za mtundu anayamba wagwada pafupi ndi chitseko n'kupalasa pansi pa khoma ndi chikhadabo. Panatuluka ufa woyera ngati mchere, ndipo penti anasendeka mosavuta. Anati, "Mayi, khoma ili likumwa madzi pansi apa. Tikapaka lero, pofika Janyuwale penti adzakhala atatupa, ndipo mudzanena kuti ndinagwira ntchito yolakwika." Tinatuluka panja ndipo tinapeza kuti njerwa za pakhonde zinayalidwa mopendekera kukhoma, kotero kuti madzi a mvula amaima pamenepo m'malo mothamangira kubwalo.

Tagwirizana zinthu zitatu zimene zilibe chochita ndi mtundu koma zikuyenera kutsogola. Njerwa za m'mbali mwa khoma zizulidwe n'kuyalidwanso motsetserekera kunja. Pulasitala wovunda achotsedwe mpaka masentimita 50 kuchokera pansi n'kuikidwa watsopano. Ndipo pulasitala watsopanoyo asapakidwe kanthu kufikira patatha masiku 28, chifukwa simenti yaiwisi imakhala ndi madzi ndi ukali umene umawononga penti ndi kusintha mtundu wake. Poyamba ndinadandaula ndi kuchedwaku, koma ndaona kuti mwezi umenewu ndi umene ndikufunika kuti ndisankhe mtundu mosathamanga, ndipo nyengo ino ya chilimwe ndi yabwino kuumitsa khoma mvula isanayambe.

Mmisiriyo anapukutanso penti wakale ndi kansalu konyowetsedwa ndi spirit. Penti wa madzi amasungunuka n'kutsalira pansalu, koma uyu sanasunthe, ndiye kuti ndi wa mafuta. Zimenezi zikutanthauza kuti ayenera kukwechedwa ndi sandipepa ndi kupakidwa andakoti, penti woyamba wa pansi, wogwira bwino, apo ayi penti wa madzi amene tikufuna sadzamatirira. Popeza penti wakale wa mafuta nthawi zina amakhala ndi mtovu, ndapempha kuti akweche monyowetsa kuti fumbi lisauluke, avale chotchinga pamphuno, ndipo ana asadutse pamenepo masiku amenewo.

Sabata yachitatu ya Ogasiti

Sabata ino yonse yapita pa nkhani ya mababu, chinthu chimene sindinachiganizire n'komwe pogula nyale. Mababu amene anabwera m'bokosi ndi a LED olembedwa 6500K, ofanana ndi amene amapezeka m'magolosale ambiri kuno, owala moyera mopita ku buluu. Nambala imeneyi imanena mtundu wa kuwala: ikakhala yotsika kuwala kumakhala kwachikasu, ikakhala yokwera kumakhala koyera kozizira. Babu lakale la waya lija limene tinakulira nalo linali pafupifupi 2700K. Ndinagula mababu awiriawiri a 2700K, 3000K ndi 4000K, ndipo madzulo aliwonse tinkasintha n'kumayang'ana.

Pansi pa 6500K mkuwa unkaoneka wodwala, wopita ku mtundu wobiriwira, ndipo chitseko cha mlombwa chinkataya kufiira kwake n'kukhala ngati thabwa wamba. Pansi pa 4000K zinthu zinkaoneka bwino koma malowo ankamveka ngati polandirira anthu mu ofesi. Pansi pa 2700K mkuwa unali wokongola kwambiri, koma matailosi otuwa anasanduka achikasu ndipo chilichonse choyera chinkaoneka chakale. Tasankha 3000K, amene akusunga kutentha kwa mkuwa popanda kuthira chikasu pa zinthu zonse. Ndinayang'ananso nambala ina imene imalembedwa pabokosi, ya CRI kapena Ra, imene imanena mmene babu limaonetsera mitundu molondola pa muyeso wofika 100. Mababu ambiri ndi a 80, koma ndinafunafuna mpaka ndinapeza a 90, ndipo kusiyana kwake kunaonekera pa chitseko, pamene mizere ya mtengo inayamba kusiyanitsika bwino.

Babu lililonse limatulutsa ma lumen 470 (lumen ndi muyeso wa kuchuluka kwa kuwala), ofanana ndi babu lakale la mawati 40, ndiye onse 6 pamodzi ndi ma lumen 2,820 m'kachipinda kosakwana masikweya mita 9. Kumeneku ndi kuwala kochuluka, ndipo mmisiri wa zamagetsi waika switchi yochepetsera kuwala, atatsimikiza kaye kuti mababuwo ndi olola kuchepetsedwa, popeza ena amaphethira kapena kulira akalumikizidwa ku switchi yotere. Ndalemba zimenezi mwatsatanetsatane chifukwa ndazindikira kuti kusankha penti mababu asanakhazikike kukanakhala kutaya ndalama: mtundu umene diso limaona pakhoma ndi penti ndi kuwala pamodzi, ndipo chimodzi chikasintha chinacho chimasinthanso.

Loweruka, kumapeto kwa Ogasiti

Ndapita kusitolo ya penti ndi timakadi ta mitundu timene ndinatenga kale, ndipo ndagula timabotolo ting'onoting'ono toyesera mitundu 5. Maina amene ali pamakadi ndi achingerezi ndipo sakhala m'mutu, ndiye kunyumba tawapatsa maina athu kuti tizimvana tikamakambirana. Woyamba ndi phulusa, wotuwa wozizira amene ndakhala ndikumufuna kuyambira kale chifukwa ndi amene akuoneka m'nyumba zambiri zatsopano. Wachiwiri ndi mgaiwa, woyera koma wosayeretsetsa ngati ufa woyera. Wachitatu ndi mchenga, wofanana ndi mchenga wa kunyanja ku Salima. Wachinayi ndi katondo, wofiira ngati dothi la kuno koma wofewetsedwa. Wachisanu ndi bulugamu, wotuwa wopita ku mtundu wobiriwira ngati tsamba la mtengowo likamayamba kuuma, ndipo uyu anamusankha ndi bambo a kunyumba, ine ndisakufuna.

Kumbuyo kwa makadi ena kuli nambala ya LRV, imene imanena gawo la kuwala limene mtunduwo umabweza, kuyambira 0 kufika 100. Penti woyera kwambiri amakhala chakumtunda kwa 80, wakuda amakhala pansi pa 10. Kwa malo opanda zenera lalikulu ngati athu, nambala imeneyi ndi yothandiza, chifukwa imaonetsa pasadakhale mtundu umene udzameze kuwala.

Sitinapake mitunduyi pakhoma mwachindunji. Mmisiri anadula hadibodi m'zidutswa 5 za masentimita 60 mbali zonse, anazipaka andakoti woyera, kenaka makoti awiri a mtundu uliwonse. Chifukwa chake n'chakuti mtundu wopakidwa pakati pa kirimu wakale umaoneka mosiyana ndi mmene ulili, popeza diso limauyerekeza ndi umene wauzungulira, komanso thabwa ukhoza kulinyamula n'kuliika pafupi ndi chitseko, pakona, kapena m'mwamba pafupi ndi nyale. Anandichenjezanso kuti ndisaweruze penti ali wonyowa, pakuti penti wa madzi amadera pang'ono akauma.

Sabata yoyamba ndi yachiwiri ya Seputembala

Masiku 10 apitawa ndakhala ndikuyang'ana matabwawa nthawi zinayi pa tsiku: m'mawa cha m'ma 6 koloko ana akupita kusukulu, masana, madzulo dzuwa likulowa nyale isanayatsidwe, ndi usiku nyale itayaka mokwanira kenaka itachepetsedwa. Ndawayang'ananso magetsi atazima, titayatsa nyale yotchaja imene timagwiritsa ntchito masiku otere, chifukwa alendo safika pokhapokha magetsi alipo.

Phulusa ndiye wandikhumudwitsa koposa, ndipo ndinatenga masiku angapo ndisanamvetse chifukwa chake. M'sitolo anali wotuwa weniweni, koma pakhoma lathu masana ankaoneka wopita ku pepo, makamaka chakumunsi. Nditaima pakhomo tsiku lina masana ndinaona kuti dzuwa likuwomba njerwa zofiira za panja, ndipo kuwala kumene kukulowa pagalasi la chitseko ndi kumene kwabwezedwa ndi njerwazo, ndiye kwatenga kufiira kwake. Wotuwa ameneyu ali ndi buluu wobisika m'kati, ndipo buluu akakumana ndi kuwala kofiirira diso limaona pepo. Usiku pansi pa 3000K buluu uja ankafa, n'kutsala mtundu wakuda ngati madzi otsukira mbale. Ndinayesa kumuteteza kwa masiku awiri, ndikunena kuti mwina ndi maso anga, koma mwana wathu wamkulu atafunsa chifukwa chake thabwalo lasintha mtundu, ndinalichotsa.

Mgaiwa sanalakwe kanthu masana, ndipo ndi amene anawalitsa malowo kuposa onse. Vuto lake ndi nyale yeniyeniyo. Mipira ya galasi ndi yoyera, ndipo ikakhala yosayaka kutsogolo kwa khoma loyera imasowa, n'kutsala mikono yakuda yokha ikulendewera ngati kangaude. Apongozi anga, amene anabwera kudzacheza Lamlungu, anamukonda kwambiri ameneyu. Anati, "Mwana wanga, nyumba imafuna kuyera, mlendo akalowa adziwe kuti muno mumasesedwa." Ndinawayankha kuti, "Amayi, mwanena zoona, ndipo kuyerako tikusunga pabalaza ndi pamafelemu a zitseko, koma taimani apa muone mipira ija." Anaima, anayang'ana m'mwamba nthawi yaitali, ndipo anavomereza kuti sakuiona bwino, ngakhale sanasinthe maganizo awo pa za kuyera.

Mchenga ndi wokoma m'maso ndipo sakangana ndi chilichonse, koma ndi pomwe pali vuto lake: mkuwa, mlombwa, kuwala kwa mababu ndi khoma zonse zinakhala za banja limodzi lachikasu, ndipo nyale imene tinaigula kuti ioneke inamira. Katondo sindikhalitsapo, anameza kuwala, anapikisana ndi chitseko, ndipo kachipindako kanaoneka kopanikiza.

Watsala ndi bulugamu, amene sindinkamufuna. Masana, kuwala kofiirira kochokera panjerwa kukamugwera, kubiriwira kwake kumachepa ndipo amaoneka wotuwa wofatsa, wotuwa weniweni uja amene ndinkamufuna kwa phulusa. Usiku kubiriwirako kumabwerera pang'ono, ndipo mkuwa umaonekera pa iye ngati wangopukutidwa kumene. Mtundu wofiira ndi wobiriwira ndi yotsutsana, ndipo ikayandikana uliwonse umakweza unzake, n'chifukwa chake chitseko cha mlombwa chikuoneka chozama kuposa kale thabwa limeneli likakhala pambali pake. Mipira yoyera ikuoneka bwino yoyaka ndi yosayaka yomwe, ndipo mikono yakuda siikuoneka yaukali monga inalili pa mgaiwa. Ndawauza bambo a kunyumba kuti iwo ndiwo anaona bwino.

Lachinayi, pakati pa Seputembala

Lero tapeza chinthu chimene chasintha dongosolo lathu. Maganizo athu anali akuti khoma loyang'anizana ndi chitseko lipakidwe bulugamu wozama kuposa makoma ena, kuti likhale ngati nsalu kumbuyo kwa nyale. Tinayesa ndi thabwa lina, mmisiri atakwera pamakwerero n'kuligwira pakhomalo, ine nditaima pakhomo pamene mlendo amaima. Ndinapeza kuti kuchokera pamenepo nyale siionekera pakhoma limenelo konse. Ili pakati pa chipinda, mamita 1.8 kuchokera pakhomo, ndipo ili pamwamba pa mutu, ndiye diso likakwera kuti liione, kumbuyo kwake kumakhala siling'i ndi kamzere kochepa ka pamwamba pa khoma. Khoma lakutsogololo limakhala kumbuyo kwa nyale pokhapokha munthu akali panja, chakutali pakhonde, chitseko chili chotsegula.

Tasiya maganizo a khoma lozama, ndipo chidwi chapita ku siling'i, imene tonse tinkangoti idzakhala yoyera monga mwa nthawi zonse. Siling'i yoyera kwambiri ikanabweretsanso vuto la mgaiwa, mipira n'kusowa kwa munthu amene wangolowa kumene. Komanso mikono ya nyale imaponya mithunzi m'mwamba, ndipo pa penti woyera kwambiri mithunziyo imakhala yakuthwa. Tagwirizana kuti siling'i ipakidwe bulugamu yemweyo koma wopepukitsidwa kwambiri, pafupifupi gawo limodzi mwa magawo 4 a mphamvu yake, kuti munthu asaone ngati ndi yobiriwira koma mipira ikhale ndi poonekera. Mmisiri anakayikira poyamba, akunena kuti pa zaka zonse zimene wagwira ntchito sanapakepo siling'i ya mtundu m'nyumba yogona anthu, koma atayesa pathabwa n'kulikweza m'mwamba anati, "Mayi, apa mwaganiza bwino, mzere wa pakona sukudula maso."

Takambirananso za kunyezimira kwa penti. Penti wonyezimira kwambiri tamukana kale chifukwa cha zimene tinaona tsiku loyamba. Penti wosanyezimira konse ndi amene amabisa mabampu a pulasitala bwino, ndipo m'chipinda chopapatiza chotere, mmene kuwala kumatsetsereka pakhoma kuchokera m'mwamba, bampu lililonse limaponya mthunzi wake. Koma pano ndi polowera. Ana amatsamira khoma povula nsapato, ndipo fumbi lofiira la Seputembala ndi Okutobala limalowa ndi aliyense. Penti wosanyezimira wamba akapukutidwa ndi nsalu yonyowa amasiya banga. Tasankha wa akiriliki wonyezimira pang'ono zedi amene amatsukika, wa makoma, ndi wosanyezimira konse wa siling'i, kumene sikufika dzanja la munthu.

Loweruka lotsatira

Masiku 28 a pulasitala akwana. Kuti titsimikize, mmisiri anamata pepala la pulasitiki pakhoma ndi tepi mbali zonse zinayi n'kulisiya usiku wonse. M'mawa linali louma m'kati ndipo pulasitala sanade, ndiye kuti khoma lauma. Apaka pulaimala woteteza ku ukali wa simenti pamalo atsopanowo, akwecha makoma onse, atseka ming'alu, ndipo apaka andakoti. Usiku tinayatsa nyale mokwanira n'kuyenda m'mbali mwa makoma ndi pensulo, tikuzunguliza malo alionse osalingana, chifukwa masana malo amenewa saoneka ndipo nyaleyi ndi imene idzawaulule usiku uliwonse. Tinapeza malo 11, ambiri mwa iwo pamwamba pa khomo lolowera pabalaza.

Kawerengedwe ka penti kali motere. Kuzungulira chipinda ndi mamita 12, kuchulukitsa ndi 3.3 kukupereka masikweya mita 39.6. Kuchotsapo chitseko chachikulu ndi magalasi ake, khomo la pabalaza ndi chitseko cha kukolido, kukutsala pafupifupi 30. Makoti awiri ndi 60, ndipo pachitini palembedwa kuti lita imodzi imakwana masikweya mita 8 kapena kuposerapo, ndiye tikufunika malita 7.5. Ndagula zitini ziwiri za malita 5 kuti patsale wokonzera mtsogolo. Siling'i ndi masikweya mita 8.6, ndipo chitini chimodzi cha malita 5 ndi chokwanira ndi kutsala.

Lachiwiri, sabata yomaliza ya Seputembala

Nyale yakutidwa ndi pulasitiki, chivundikiro chake cha kusiling'i chamasulidwa n'kutsitsidwa pang'ono kuti burashi ifike pansi pake, ndipo mipira yonse tachotsa n'kuisunga m'bokosi. Siling'i yapakidwa makoti awiri dzulo ndi lero.

Potsegula zitini ziwiri za makoma tinapeza kuti sizikufanana ndendende, ngakhale zinasakanizidwa tsiku limodzi m'sitolo imodzi. China chinali chopita ku chikasu pang'ono. Kusiyanako ndi kochepa moti m'chitini sikuoneka msanga, koma titapaka timizere tiwiri moyandikana pathabwa n'kuumitsa kunaoneka. Mmisiri anathira zonse mu ndowa imodzi yaikulu n'kutakasa bwino, ndipo anati amachita zimenezi pa ntchito iliyonse ya penti wosakaniza, kuti khoma lisasinthe mtundu pakati pamene chitini china chathera. Tinayerekeza chosakanizacho ndi thabwa lathu loyesera ndipo chikugwirizana nalo.

Panali kusamvana kumodzi. Mnyamata wothandiza mmisiri anayamba kuthira madzi ambiri mu penti kuti rola iziyenda mofewa, monga ambiri amachitira pofuna kuti penti akwane malo aakulu. Ndinamupempha mwaulemu kuti, "Achimwene, tiyeni titsate zimene zalembedwa pachitini, penti alipo wokwanira ndipo sitikufuna kumutalikitsa." Penti wosungunulidwa kwambiri sabisa andakoti woyera, ndipo mtundu umene tausankha kwa mwezi wathunthu ukanatuluka wofooka ndi wamawangamawanga. Mmisiri anagwirizana nane, ndipo gawo limene linali litapakidwa kale, lochepa chabe kuseri kwa chitseko, lidzalandira koti yowonjezera.

Lachisanu

Koti yoyamba itauma Lachitatu ndinachita mantha. Mtundu umene unali wofatsa pathabwa la masentimita 60 unaoneka wobiriwira kwambiri utakuta makoma anayi, chifukwa m'chipinda chopapatiza khoma lililonse limabwezera kuwala kwa linzake ndipo mtunduwo umadziwonjezera wokha. Ndinatsala pang'ono kuimitsa ntchito kuti tithiremo woyera. Mmisiri anandipempha kuti ndidikire, akunena kuti pansi padakali poyalidwa mapepala, chitseko chakutidwa, ndipo tikuunikira ndi babu limodzi la 6500K lolendewera pawaya, ndiye palibe chimene chili m'malo mwake. Zimenezi ndi zomwe ine ndemwe ndinalemba mu Ogasiti, ndipo ndinavomera kudikira.

Koti yachiwiri yapakidwa dzulo. Lero madzulo tachotsa mapepala, tavundukula chitseko, tapukuta mipira n'kuibwezera, ndipo tayatsa. Kubiriwira kumene kunandiopsa kwabwerera m'malo mwake, pakuti kufiira kwa mlombwa ndi kuwala kwa 3000K zakukhazika pansi. Mabanga owala aja amene ankaoneka pa penti wakale palibenso. M'malo mwake kuwala kukutsika pakhoma mofewa, kowala chakumtunda n'kumachepa pofika pansi. Nditaima pakhomo, mipira 6 yonse ikuoneka bwino pansi pa siling'i, ndipo mkuwa ndi chinthu choyamba chimene diso likugwira. Switchi ikachepetsedwa kufika pakati, makoma amadera n'kukhala otuwa mozama, ndipo ndi mmene tikuganiza kuti tiziisiya usiku tikamayembekezera munthu.

Pali malo amodzi amene sindinakhutire nawo. Pamwamba pa khomo la pabalaza, ngakhale tinakonza, pakuonekabe kamzere ka mthunzi pamene pulasitala wakale anakumana ndi mtanda wa konkire. Mmisiri akuti kuti kachoke pafunika kusalaza gawo lonselo ndi fila, phala lomatira posalingana, n'kupentanso khoma lonse, osati malo okhawo, chifukwa chigamba chimaoneka pa penti wonyezimira ngakhale pang'ono. Tagwirizana kuti achite zimenezi sabata yamawa, popeza penti wotsala akukwana.

Loweruka, sabata yoyamba ya Okutobala

Khoma la pamwamba pa khomo lasalazidwa ndi kupentedwanso, ndipo kamzere kaja katha. Mafelemu a zitseko zam'kati ndi matabwa a m'munsi mwa makoma apakidwa mgaiwa, amene apongozi anamukonda, ndipo pamalo ochepa otere akugwira ntchito yabwino yolekanitsa khoma ndi matailosi. Penti wotsala, pafupifupi lita imodzi ndi theka, ndamuthira m'chitini chaching'ono chotsekeka bwino, ndalembapo nambala ya mtundu, tsiku ndi chipinda, ndipo nambalayo ndaikoperanso m'kope lino. Ndagulanso mababu 3 apadera a mtundu womwewo, chifukwa limodzi likadzapsa n'kuikapo la kuwala kwina, mpira umodzi udzasiyana ndi inzake ndipo khoma la mbali imeneyo lidzasintha nawo. Makoma sitiwapukuta ndi madzi kwa milungu ingapo kufikira penti atalimba.

Chatsala chimodzi chimene sindingachione panopa. Zonse zimene ndayesa ndaziyesa mu Ogasiti ndi Seputembala, pamene dzuwa la masana limakhala chakumpoto ndipo chitseko chathu choyang'ana kummwera chimalandira kuwala kobwezedwa kokha. Kuno ku Lilongwe dzuwa limadutsa pamutu penipeni chakumapeto kwa Okutobala, kenaka limakhala chakummwera mpaka pakati pa Febuluwale, ndipo mu Disembala limatuluka ndi kulowa chakummwera ndithu, kotero kuti m'mawa ndi madzulo lidzalowa pagalasi la chitseko n'kugwera pakhoma mwachindunji. Nthawi yomweyo udzu wa pabwalo udzakhala utabiriwira ndi mvula, ndipo kuwala kobwezedwa sikudzakhala kofiira kokha monga kulili lero. Ndasunga matabwa onse oyesera m'chipinda chosungiramo katundu cha kuseri, ndipo ndaika chizindikiro pa sabata yachitatu ya Disembala kuti ndidzaimenso pakhomo nthawi zinayi zija, ndidzaonenso pansi pa khoma pafupi ndi chitseko ngati madzi asiya kulowa, ndi kulemba zimene ndidzapeze.